Mu pulogalamu ya kuntchito mwapezeka akaunti ya admin yomwe sitinaitsegule, ndiyambire pati?

Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ine ndimayang'anira makompyuta pa hoselo ina ku Limbe. Tili ndi pulogalamu yomwe akauntanti wathu amalowera mu seva ali kunyumba. Lolemba m'mawa nditatsegula mndandanda wa ogwiritsa ntchito, ndinapeza akaunti ya admin yachilendo, dzina lake zilembo zosakanikirana ndi manambala, itatsegulidwa 2 koloko usiku. Mapasiwedi athu ndi ataliatali, ndipo polowa pamafunika kodi yobwera pafoni. Palibe foni inalandira kodi usikuwo.

Amene anatiikira pulogalamuyi akuti yathu ndi yakale, ili ndi bowo loti munthu amalowa osafunsidwa pasiwedi n'komwe. Abwana akuti tingosintha mapasiwedi, za update tidzaona tikatseka mabuku a mwezi uno. Mtima wanga sukukhazikika. Kodi kusintha mapasiwedi n'kokwanira? Akauntiyo ndiifute?

Yankho loyamba

Achimwene, wakubayo sanadzere pakhomo, anaboola chipupa. Mukagula loko watsopano, bowolo lili pomwepo. Auzeni abwana za ScreenConnect, pulogalamu yolowera mu kompyuta uli kutali, mu February 2024. Munthu ankangowonjezera kachizindikiro ka / ndi liwu lililonse kumapeto kwa adiresi ya SetupWizard.aspx, pulogalamu n'kumutsegulira tsamba loyambira ngati kuti yangoikidwa kumene, iye n'kudzipangira akaunti ya admin. Pasiwedi kapena kodi ya pafoni sizinkafunsidwa. Vutoli, lomwe nambala yake ndi CVE-2024-1709, linapatsidwa 10 pa 10 kuopsa kwake, ndipo pasanathe masiku ambiri anthu otseka mafayilo n'kumafuna dipo anali atayamba kale kulowera pamenepo. Mankhwala ake anali kupanga update pulogalamuyo kufika pa version 23.9.8. Kaya yanuyo ndi yanji, update ichitike lero, ndipo mpaka ichitike ichotseni pa intaneti. Akauntantiyo akwere minibasi abwere ku ofesi.

Yankho lachiwiri

Musafulumire kuifuta! Choyamba koperani ma log onse (mafayilo olemba zonse zochitika mu seva) pa flash, jambulani akauntiyo ndi nthawi yomwe inatsegulidwa, kenako muitseke. Mukafuta mwataya mapazi a wakuba.

Chinanso chomwe ambiri timaiwala, update imatseka bowo koma simutulutsa amene walowa kale. Pa vuto la Citrix Bleed, bowo la mu makina a kampani ya Citrix, mu 2023 akuba ankatenga ma session (zizindikiro zosonyeza kuti munthu watsimikizidwa) a anthu olowa kale, moti ngakhale makina atakonzedwa ankatha kupitiriza kulowa mpaka ma session onse atathetsedwa. Ndiye tulutsani aliyense, sinthani mapasiwedi onse mutamaliza update, osati musanayambe. Fufuzaninso ngati anaika kapulogalamu kena kolowera kapena ntchito yodziyamba yokha usiku. Kunena zoona, ndikanakhala ine sevayo ndikanaiyambiranso pachiyambi kuchokera pa backup ya tsikulo lisanafike. Muli nayo backup yosalumikizidwa ku netiweki?

Yankho lachitatu

Tsamba la admin lisamaoneke kwa dziko lonse, abale. Liikeni kuseri kwa VPN (njira yotetezedwa yolowera mu netiweki ya ofesi uli kutali), kapena lolani ma IP (maadiresi a pa intaneti) a ofesi okha, ndipo VPN-yo nayo muziipanga update chifukwa mabowo oterewa apezekapo mu zipangizo za VPN za kampani ya Fortinet mu 2022 ndi za Ivanti mu January 2024. Bungwe la CISA la ku America limasindikiza mndandanda wa mabowo amene akuba akugwiritsa ntchito. Muziuona sabata iliyonse. Ngati mu sevamo muli mayina ndi manambala a makasitomala, kumbukirani lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024, ndipo dziwitsani a Malawi CERT, gulu loona za chitetezo cha pa intaneti, omwe ali pansi pa MACRA.

Wofunsa uja

Zikomo kwambiri nonse. Ndawawerengera abwana mayankho anuwa, avomera kuti tizimitse lero madzulo tikatseka sitolo. Chingwe cha intaneti ndachizula kale ku seva. Backup ilipo ya Lachisanu pa hard drive yomwe imakhala mu kabati. Amene munayambirapo seva pachiyambi, ndingatsimikize bwanji kuti backup imeneyi ilibe kanthu kake ndisanaibwezeretse?