Turbo yatsopano yafanso pa injini ya 1.0, vuto lili pati?

Sipanala12: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndili ndi galimoto ya kasitomala, ya petulo, 1.0 ya masilinda atatu. Inabwera ikufuka utsi wabuluu, pachitunda ikulephera kukoka. Ndinamanga turbo yatsopano, koma mwezi usanathe yabwereranso. Ikulira chimluzu, shafti ikugwedera ukaigwira ndi chala. Mwiniwake akuti ndinamuikira yabodza.

MadalaWaDizilo: Achimwene, paipi yopititsa oyilo ku turbo munasintha? Nanga mu sampu muli oyilo wanji?

Sipanala12: Paipi ndi yakale yomweyo, madala. Oyilo mwiniwake amathira yekha, wolimba uja wa 20W-50, akuti ndi amene ankathira mu 1.6 yake yakale.

MadalaWaDizilo: Poyambira ndi pamenepo. Turbo ya kainjini kotere imazungulira kupitirira maulendo 150,000 pa mphindi, ndipo shafti yake imayandama pa oyilo. Oyilo wolimbayo amachedwa kufika injini ikangolizidwa isanatenthe, ndiye mabeyaring'i amadyana ali ouma. Paipiyo imadutsanso pafupi ndi ekizozi, oyilo amapserera mkati mpaka njira kutsala ngati ya singano. Masulani banjo bolt, bawuti ya bowo yomangira paipiyo, muyang'ane, ena amakhala ndi kasefa mkati. Musavutike kutsuka, gulani paipi ndi bawuti zatsopano. Gwetsaninso sampu muone sefa ya pampu ya oyilo.

MayiAuto: Ndionjezere pa za madalawa. Yezani puresha ya oyilo ndi geji musanamange china chilichonse. Injini zina zazing'onozi lamba wa timing amayenda m'oyilo. Akathiridwa oyilo wolakwika amafufuma n'kumanyenyeka, zidutswazo n'kutseka sefa. Tsukaninso intercooler, yoziziritsa mpweya wochokera ku turbo, mumatsalira oyilo ndi tizitsulo ta turbo yakufayo. Pomanga, thirani oyilo pakamwa pa turbo ndipo mupukuse injini kaye isanalire.

Chimandipweteka n'chakuti eni magalimoto sauzidwa. Ford inatulutsa 1.0 EcoBoost mu 2012 kuti igwire ntchito ya 1.6, Toyota nayo inasiya V8 pa Land Cruiser 300 mu 2021 n'kuika V6 ya ma turbo awiri. Malamulo a utsi monga Euro 6 ndiwo akukankha zimenezi, sizibwerera m'mbuyo. Koma munthu akusamalabe injini ya lero ndi nzeru za kabureta.

KaphunziraGalaja: Mayi, nanga hybrid, yoyendera petulo ndi magetsi, nayo imafuna oyilo wopepuka?

MayiAuto: Eya mwanawe, zambiri 0W-20, zina 0W-16, chifukwa injini imazima n'kuyakanso pafupipafupi. Koma mawaya a olenji, a magetsi amphamvu a batire, usawagwire wekha. Batire ya Prius imapitirira mavoti 200. Uvale magolovesi a magetsi, uzule service plug yodulira magetsi a batire, udikire monga buku likunenera, kenako uyeze.

Sipanala12: Ndamasula. Banjo bolt yatsekeka ndi makala, ngakhale mpweya wa kompresa ukudutsa movutikira, ndipo sefa ya pampu ili phala lakuda lokhalokha. Mwiniwake ndamuitana adzaone ndi maso ake ndisanayitanitse zipangizo.

MadalaWaDizilo: Mumuonetsenso tsamba la oyilo m'buku la galimotoyo, ndipo nambala ya oyiloyo muilembe pa job card, pepala la ntchito, asayine.