Banja lathu: za sikani ya Yamikani

Mayi a Yami (Pretoria): Mwadzuka bwanji nonse. Yami, chichitireni ngozi ija pa mpikisano wa magalimoto, wasanzanso usiku, akuti kuwala kukumulasa m'maso. Adokotala akufuna sikani ya m'mutu ya MRI. Yaperewera R2,800.

Amalume: Ndinanena ine. Galimoto njonyamulira anthu, osati kuthamangitsana.

Azakhali: Koma pachithunzi paja helimeti yake sinasweke olo pang'ono. Sikaniyo ndi yachiyaninso?

Chisomo: Azakhali, helimeti imateteza chigaza. Galimoto ikaima mwadzidzidzi pakhoma, ubongo umapitirirabe n'kukagunda fupa mkatimo, ngati madzi a mu ndowa mukapunthwa. Jules Bianchi, dalaivala wa mpikisano wa Formula 1, anavala zonse ku Suzuka ku Japan mu 2014, anagunda thirakitala yomwe inkachotsa galimoto ina, sanatsitsimukenso mpaka kumwalira mu July 2015.

Mayi a Yami: Iwe Chisomo usandiphe ndi BP.

Chisomo: Pepani amayi aang'ono. Ena amapulumuka. Grosjean, wa Formula 1 yomweyo, ku Bahrain mu 2020 anagunda ndi 67g, ngati thupi lalemera maulendo 67, koma anatuluka yekha m'moto. Choopsa ndi mutu kukankhika kapena kupotoka mwamphamvu. Paja HANS anali nayo? Chija chomangirira helimeti kumapewa?

Mayi a Yami: Ankati agula mwezi wamawa.

Amalume: Ndinanena ine!

Bambo a Tadala: Apereka ndi Chisomo R700, ine K40,000, azakhali K15,000. Enanu a ku Cape Town tikungoona timizere tabuluu.

Azakhali: Mudikira mpaka liti? Za chiliza cha agogo zija tinatha nazo bwanji?

Bambo a Tadala: Zimenezo tisiye kaye.

Tadala: Kodi feteleza uja wafika kumudzi? Agogo aakazi akufunsa.

Azakhali: Matumba awiri okha, la urea silinabwere.

Amalume: Ndalama ya feteleza ikuthera m'matayala. Ine ndinanena.

Yamikani: Abale ndili bhobho, kamutu chabe. Loweruka ndiyenera kukhalapo pa mpikisano, ndinalipira kale.

Chisomo: Loweruka lake liti? Ukagundanso ubongo usanachire ndiye zoopsa zenizenizo. Olo sikani ituluke yoyera, udikira adokotala akulole. Helimetiyo utayenso, chofewa chamkati chinaphwanyika kale. Ndipo siya foni, ukagone mumdima.

Yamikani: Helimeti ya R6,000 nditaye?

Mayi a Yami: Ndayibisa kale. Makiyi ali m'chikwama changa.

Bambo a Tadala: Amalume, yanu ndilembe zingati?

Bambo a Tadala: Amalume?