Wabayidwa ndi chitsa pamutu, ndingosoka?

Clinical officer wa pa call: Akuluakulu, thandizeni. Ndalandira mnyamata wa zaka 14, wagwa mumtengo wa mango n'kubayidwa ndi chitsa pamwamba pa khutu. Kamtengoko azula okha kunyumba n'kumanga ndi chitenje. Bala ndi la masentimita awiri basi, GCS (muyeso woonetsa mmene munthu akuzindikirira zinthu) ndi 14 mwa 15, maso onse akuyankha tochi. Pa X-ray fupa lalowa pang'ono. Ndisoke, mawa azipita?

Namwino wa ku wodi ya abambo: Musanagwire singano achimwene, tayang'anani gozi mwaikapoyo. Pali magazi okhaokha?

Clinical officer wa pa call: Ayi, magazi ali pakati, m'mbali monse mwanyowa timadzi toyera.

Namwino: Ndiye ikhoza kukhala CSF imeneyo, madzi ozungulira ubongo. Ngati ndi choncho, dura, kachikopa kokuta ubongo, yabooka, dothi la pachitsa lapeza njira yopita ku ubongo.

Mkulu wa ku theatre: Mwana wanga, usasoke n'kumutulutsa. Ine ndinachitapo zimenezo ndili wachinyamata, kwa bambo wina amene anatemedwa ndi khasu pa mkangano wa munda. Ndinasoka bwino, anapita akuseka. Patatha masabata atatu anabwera naye pa ngolo, thupi lili moto, akusanza, mkono umodzi utafooka. Mafinya anali atasonkhana mkati mwa ubongo. Mpaka lero ndimamukumbukira. Tizidutswa ta mtengo sitioneka kawirikawiri pa X-ray, ndipo ndi timene timasunga majeremusi.

Tsuka pamwamba pokha ndi saline (madzi amchere a m'drip), usapisemo chala kapena forceps kufunafuna zotsalira. Phimba ndi gozi woyera. Yamba pompano mankhwala opha majeremusi a mumtsempha, ceftriaxone ndi metronidazole, mlingo motsata sikelo yake. Metronidazole usaisiye, dothi limabwera ndi majeremusi osafuna mpweya. Jakisoni wa kafumbata mubayenso.

Namwino: Phenytoin, mankhwala oletsa khunyu, alipo ku pharmacy, muyambireni asanayambe kukomoka. Mutu ukhale wokwezeka pang'ono, ndipo asadye kanthu. Amayi ake mwina abwera ndi phala, muwafotokozere bwino.

Clinical officer wa pa call: Zamveka. Nanga LP, kutenga madzi a mumsana ndi singano, kuti tione ngati meningitis, matenda oumitsa khosi aja, yayamba?

Mkulu wa ku theatre: Ayi ndithu, popanda CT, chithunzi cha makina choonetsa mkati mwa mutu, usayerekeze. Imbira ku chipatala chachikulu cha Queens ku Blantyre tsopano lino, akufunika CT ndi madokotala a ubongo kuti akatsuke mkati ndi kutseka dura. Mu ambulansi mukhale namwino woyeza GCS ndi maso mphindi 15 zilizonse.

Clinical officer wa pa call: Drip yalowa, mankhwala ndapereka. Kamtengo kaja bambo ake abwera nako m'thumba, nsonga yake ndi yothyoka. Ndakakulunga kuti kapite limodzi ndi kalata.