Ngongole ya sukulu ya HESLGB imayenda bwanji?

Mayi_wa_ku_Dedza: Abale, mwana wanga wasankhidwa ku yunivesite ya LUANAR koma fizi yatikulira. Tiyambire pati?

Mphunzitsi: Mayi, afunsire ngongole ku HESLGB, bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira a m'mayunivesite, lomwe linakhazikitsidwa mu 2015. Amalembetsa pa intaneti bungweli likalengeza, ndipo chiphaso cha unzika chikhale pafupi. Sukulu iyenera kukhala yovomerezeka ndi NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba. Ndalama ya fizi imapita kusukulu, ya upkeep (yodzisamalira, monga chakudya ndi malo ogona) ndiyo imalowa mu akaunti ya mwanayo.

Achimwene_a_ku_Zomba: Pomwe ambiri amagwa mpakuti amafunsira kamodzi n'kukhala chete. Ngongoleyi amafunsira chaka chilichonse. Dzina lake likatuluka, asainirenso mgwirizano, apo ayi ndalama sizituluka.

Mphunzitsi: Mumuuziretu kuti si mphatso. Kubweza kumayamba pakatha zaka ziwiri atamaliza maphunziro, ndipo akalembedwa ntchito amamudula pa malipiro.