Antifreeze mu injini ya ndege, kuno kotentha kuno ndi wachani?

Makaniko_wa_Bvumbwe:
Akuluakulu ndithandizeni apa. Ine ndimakonza mathirakitala pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, ndiye sabata yatha kunatera kandege ka anthu awiri, mwini wake akuti madzi atsika pang'ono mu kabotolo ka madzi oziziritsa injini. Ine kuthamangira pa mpope ndi chigubu, bambo aja kukanitsitsa, akuti muno mumalowa madzi osakaniza ndi antifreeze basi. Injini yake inalembedwa Rotax 912. Ndiye kuno madzi angaundane bwanji? Chiperoni chivute maka sindinaonepo ledieta itagwira ayisi ine.

Mwana_wa_Likhubula:
Achimwene simunagonepo pa phiri eti? Bwerani June kapena July tikagone ku Lichenya pa phiri la Mulanje, m'mawa udzu umachita kuyera mbee ndi chisanu, zala osapindika. Nsonga ya Sapitwa ndi mamita 3,002 ndipo ndege imadutsa pamwamba pake. Mphepo imazizira pafupifupi madigiri 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse amene wakwera, ndiye ngati pansi pali 10 m'mawa, mukakwera mamita 3,000 muli cha m'ma -9 kale.

Madala_Luchenza:
Wa ku Likhubula wanena zoona za kuzizirako koma tisasokoneze. Injini ikamalira madzi ake amakhala otentha kwambiri, sangaundane chisawawa ngakhale kunja kuli -9. Ngozi yeniyeni ndi ndege ikagona panja malo ozizira itazimitsidwa, madzi akaundana amafufuma ndi 9 peresenti ndiye amang'amba ledieta, mapaipi, pampu, ngakhale hedi ya injini imene, ndipo mng'alu wina suoneka mpaka uli m'mwamba madzi ayamba kudontha, kumeneko kulibe koimika pambali ngati pa msewu wa ku Muloza. Rotax imapangidwa ku Austria kozizira zenizeni, mahedi ake amaziziritsidwa ndi madzi, masilinda ndi mphepo. Theka glycol (mankhwala enieni a mu antifreeze) theka madzi zimapirira mpaka cha m'ma -37.

Koma kwa ife kuno nkhani yaikulu ndi dzimbiri ndi kuwira. Mahedi aja ndi a aluminiyamu, madzi a pa mpope kaya a pa mjigo ali ndi mchere umene umadya chitsulo ndi kutseka timabowo ta ledieta pang'onopang'ono. Mu antifreeze muli mankhwala oletsa zimenezo, komanso amachedwetsa kuwira, nthawi ya October izi zimathandiza. Ndiye bambo aja sanakunyozeni mwana wanga, ngakhale posakaniza amafuna distilled water yemweyo wa mu batire. Ikanakhala ndege ya Cessna 172 simukanakangana n'komwe, injini yake ilibe ledieta, ndi mphepo yokha.

Makaniko_wa_Bvumbwe:
Zikomo madala ndamva. Nanga bwanji osangothira antifreeze yekhayekha kuti zikhale zolimba?

Madala_Luchenza:
Ayi ayi musayerekeze. Glycol payekha amaundana msanga, cha m'ma -13, kusiyana ndi wosakaniza uja, ndipo sanyamula kutentha ngati madzi, injini imatentha kwambiri. Ma Spitfire oyamba aja, ndege za pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, injini zawo za Merlin zinkayendera glycol yekha, ankadontha komanso kugwira moto, mpaka anasintha kukhala madzi 70 glycol 30. Tsatani buku la injiniyo, ndipo musamasakanize mitundu iwiri poona kuti yonse ndi yobiriwira, mtundu wa madzi sukuuzani mankhwala ali mkatimo. China chimene chimandiwawa, anthu amakhuthulira wakale pansi pa galaja pomwepo, chinthu chija chimatsekemera koma ndi poizoni, galu akanyambita impso zimafa, ndiye ganizani ana amene amasewera pamenepo.

Makaniko_wa_Bvumbwe:
Eee apa mwandigwira. Thirakitala ina ndakhala ndikuithira a pa mjigo chaka chonse, dzulo potsegula ledieta munatuluka zofiira ngati dothi la m'munda wa tiyi. Mawa ndiyamba ndi kuitsuka imeneyo.