Ndalama za chaka chino: fizi ya ana kapena sukulu ya kwacha?

Wapampando: Abale ndi alongo, maganizo alipo awiri. Ena akuti thumba lonse la gulu lathu lipite kwa ana athu amene asankhidwira ku yunivesite. Ena akuti gawo lina titsegulire kalasi ya kwacha papulayimale paja, ana akaweruka. Tiyeni tikambe momasuka.

Msungichuma: Bambo wapampando, ine mtima wanga uli pa ana. Mwana wapeza makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo, bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE lamusankhira ku yunivesite ya MUBAS kapena ya LUANAR, ndiye akhale pakhomo chifukwa ndalama tagulira choko cha agogo? Ngongole za boma za ophunzira a ku yunivesite zija, chikhazikitsire bungwe lake mu 2015, sizifikira aliyense wopempha.

Aphunzitsi opuma: Achimwene, mukunena zoona, koma mukuwerenga ana amene afika kale kutsidya. Ine ndaphunzitsa Sitandade 8 zaka zambiri. Ana ambiri timawataya asanalembe n'komwe mayeso a PSLCE, ena pa Fomu 2. Pamene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana anadzaza mpaka pansi pa mitengo, koma makolo awo anatsala momwemo. Lipoti limapita kunyumba, mayi alisunga m'chikwama bwinobwino, osadziwa kuti mwana walephera masamu materemu atatu.

Mlongo wa ku Joni: Aphunzitsi, mwandikumbutsa zowawa. Kalata yoti ndasankhidwa ku sekondale inafika ine ndili kwa azakhali. Amayi anaiika m'Baibulo, pakati penipeni, kudikira kuti ndidzaiwerenge ndekha. Anachita manyazi kupempha munthu. Pamene ndimabwera, anzanga anali atayamba kalekale, zofunika sitinakonze, malo aja anapita. Amayi sanali osasamala ayi. Mpaka lero akamadinda chala pamsonkhano, amapukuta inki ija pachitenje mwachangu kuti anthu asaone.

Msungichuma: Pepani achemwali, zimenezo sindinazidziwe. Komabe funso langa likadalipo: adzabwera ndani? Sukulu za kwacha si zachilendo, pulogalamu ya boma inayamba mu 1986. Kumadzaza amayi, abambo amazemba. Nthawi ya dzinja ikafika, onse kumunda.

Mlongo wa ku Joni: Abambo amazemba chifukwa safuna kugwada pa bolodi akazi awo akuona. Apatseni tsiku lawo. Ndipo tisawaphunzitse a e i o u basi. Abweretse lipoti lenileni la mwana wawo, uthenga wa pafoni wochokera kusukulu, fomu ya MANEB. Bambo akadziwa kuti pa MSCE 1 ndiye wapamwamba ndipo 9 ndi kulephera, adzayamba kufunsa mwana mafunso ena.

Aphunzitsi opuma: Eya! Ndinaonapo kholo likusangalala kuti mwana wapeza mapointi 48, kuganiza kuti zambiri ndiye zabwino. Mtima unandiwawa pomufotokozera.

Mlembi: Ndiloleni ndiikepo mawu. Mlangizi wa chitukuko wa m'dera ndi amene amayang'anira makalasi amenewa, ndiye tisayambe patokha ngati kulibe boma. Timufunse za mabuku ndi maphunziro a mlangizi wa kalasi. Chipinda tipemphe kwa ahedi ndi komiti ya sukulu, amfumu adziwe. Mwina zotigwera ife zingakhale zochepa kuposa mmene tikuopera.

Msungichuma: Ngati zili choncho ndifewako. Koma ana amene tinawalonjeza kale asachotseredwe kanthu, ndipo mayina a ophunzira alembedwe tisanatulutse ndalama. Akapanda kukwana 20, ine sindisayina.

Mlongo wa ku Joni: Lembani amayi anga poyamba. Ndawaimbira pompano. Angofunsa ngati magalasi awo akale aja angathandize.

Wapampando: Alembi, kaonaneni ndi mlangizi wa chitukuko sabata ino, mutiuze Loweruka. Aphunzitsi, nkhani ya tsiku la abambo ndaisiya m'manja mwanu, inu amakumverani.