Matayala a matope pa Hilux: ndigule M/T kapena A/T? Munda uli kuseri kwa Mitundu

Akuluakulu a m'gulu muno, moni nonse. Ndabwera kwa inu odziwa za galimoto chifukwa mvula yayandikira ndipo mtima wanga uli m'mwamba.

Ndimakhala ku Area 25, koma munda umene anatisiyira malemu bambo athu uli kuseri kwa Mitundu. Ndimayendera Hilux ya 2012, ya dizilo, 4x4, matayala ake ndi 265/65 R17. Kuchoka m'tauni kudzera msewu wa ku Bunda ndi tala, palibe chovuta. Zimayamba ndikangokhotera msewu wafumbi, makilomita ngati 9. Koyambirira ndi katondo, mvula ikangowaza amaterera ngati therere. Kenako pali dambo la makande, ndipo njira ina yolilambalala kulibe.

January wapitayu ndinatitimira pa dambo limenelo nditanyamula matumba 12 a feteleza wobereketsa. Ndinaika 4L, giya yamphamvu ya 4x4 yoyendera pang'onopang'ono, matayala onse anayi akungozungulira pamodzimodzi, mano ake atadzaza dothi mpaka kusalala ngati mbiya. Tinatsitsa matumba onse, anyamata a m'mudzi anakumba ndi makasu, ndipo potsiriza ndi ng'ombe za ngolo zimene zinandizula, dzuwa litalowa kale. Feteleza akhoza kudikira mawa. Chimene chimandisowetsa tulo ndi amayi athu amene amakhala kumudzi komweko ndipo ali ndi BP. Atadwala usiku mvula ikugwa, ndingakawatenge bwanji?

Matayala amene ndili nawo ndi a mumsewu wa tala basi, ndipo atha. Ena akundiuza kuti ndigule a matope enieni, a M/T, ena akuti A/T, oyenda pa tala ndi pa fumbi pomwe, ndi okwanira. Ndapezanso munthu amene akugulitsa M/T anayi ogwiritsidwapo kale ntchito, mano akadali aatali, mtengo pafupifupi theka la atsopano. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, tayala si chinthu chogula kawiri. Ndiye mafunso anga ndi awa: nditenge ati? Akalewo ndingawakhulupirire? Nanga kugula awiri okha a M/T n'kuika kumbuyo, zingatheke? Ndine mayi woyenda ndekha nthawi zambiri, chonde ndilangizeni moona.

Makaniko wa ku Biwi:
Mayi, ndiyambe ndi funso lanu lomaliza chifukwa ndi limene lingakuwonongereni galimoto. Musasakanize. Hilux yanuyo mukaika 4x4, kaya pa 4H yothamangirako kapena pa 4L, kutsogolo ndi kumbuyo zimamangidwa pamodzi, zimafuna kuzungulira mofanana. Tayala la M/T latsopano ndi tayala lakutha, ngakhale manambala akhale amodzi, msinkhu wake umasiyana, ndipo amene amamva kuwawa ndi transfer case, bokosi la magiya logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo. Komanso mu katondo, kumbuyo kukagwira kutsogolo kukuterera, galimoto imakukankhirani m'ngalande chiwongolero mutakhotetsa. Gulani anayi ofanana, ndipo sipeya ikhale ya saizi yomweyo.

Za M/T ndi A/T. Chimene chinakuchitikirani, choti mano anadzaza n'kusalala, ndiye ntchito imene M/T anapangidwira. Mano ake ndi akuluakulu, mipata yake yotakasuka, ndiye likamazungulira limalavula matope n'kuluma pena patsopano. Lilinso ndi mano m'mbali, amene amagwira khoma la mkwasa umene ngolo ndi mathirakitala zasiya. A/T mipata yake ndi yaing'ono. Mu katondo amayesetsa, koma makande amamata ngati phula la njuchi, amamutseka msanga.

Koma sindikubisirani kuipa kwake. Pa tala M/T amalira, amamwa dizilo wochulukirapo, amatha msanga, ndipo pa tala wonyowa mabuleki amatenga mtunda wautali kuti galimoto iime. Inu ulendo wanu wambiri ndi wa tala. Ndiye dzifunseni kuti dambolo mumaliwoloka kangati pakati pa December ndi March.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri bambo. Nyengo ya mvula ndimapita kawiri pa sabata, Lachitatu ndi Loweruka, nthawi zina katatu. Za transfer case sindinkazidziwa, ndikanagula awiri ndithu.

Mlimi wa ku Namitete:
Kawiri pa sabata ndiye musachedwe, achemwali, tengani M/T. Ine ndinayamba ndi A/T poopa phokoso, ndinagona m'dambo kawiri chaka chimodzi, fodya akundidikira ku shedi. Phokosolo mumalizolowera pakatha sabata. Chimene ndingawonjezere, musakopeke ndi matayala otambalala kwambiri amene anyamata amakonda m'tauni muno. Katondo ndi woterera pamwamba pokha, pansi ndi wouma, ndiye tayala lotambalala limangoyandama n'kumatsetsereka. Khalani pa saizi yanu yomweyo. Mukakweza saizi liziyamba kukhudza mapiko a galimoto mukakhota, ndipo sipidomita iziwerenga zabodza.

Dalaivala wa bungwe, Area 47:
Ndayendetsa Land Cruiser m'midzi ya kwa Malingunde ndi kufupi ndi Dzalanyama zaka zambiri, ndipo ine ndikutsutsa pang'ono. Anthu ambiri amene ndawakoka m'matope si tayala limene linawagwetsa, ndi mpweya. Amalowa m'dambo tayala lili gwa ngati mwala. Mukamachoka pa tala, imani, phwetsani mpaka geji ya mpweya iwerenge 1.5 bar kapena kuposera apo pang'ono ngati mwanyamula katundu wolemera. Tayala limagona pansi motalika, mano ambiri amagwira. A/T wabwino ngati BFGoodrich KO2 ataphwetsedwa bwino amadutsa malo amene M/T wopopa kwambiri amakanika. Koma mukabwerera pa tala popaninso musanathamange, chifukwa tayala lofewa limatentha n'kuphulika. Gulani kapampu kolumikiza ku batire ndi geji yake, si kodula poyerekeza ndi tayala limodzi.

China, 4x4 ikani musanalowe m'matope, osati mutatitimira. Giya yachiwiri mu 4L, moto wofanana, osasintha giya pakati pa dambo. Galimoto ikaima matayala akuzungulira, chotsani phazi nthawi yomweyo. Mukapitiriza mukudzikumbira dzenje mpaka diff, chitsulo cha magiya chapakati pa matayala, igone pansi, ndipo diff ikagona palibe tayala lingakupulumutseni. Mukafika pa tala chotsani 4x4.

Makaniko wa ku Biwi:
Achimwene a ku 47 akunena zoona pa mpweya, sindikutsutsa. Koma mayiwa anena makande, ndiponso amanyamula makilogalamu 600 a feteleza kumbuyo. Ine ndikanali pa M/T. Mayi, pogula yang'anani zilembo LT, zosonyeza tayala la galimoto zonyamula katundu, kutsogolo kwa saizi, ndi nambala ya katundu kumapeto. 112 ndiye kuti tayala limodzi limanyamula makilogalamu 1,120, pamene 120 ndi 1,400. La LT nthiti zake ndi zolimba, zitsa za m'munda ndi miyala sizilibowola wamba. Maxxis, Cooper, BFGoodrich KM3, onsewa ali ndi M/T odziwika. Otchipa a mayina achilendo aliponso, ena ndawaona akutumikira, ena akutupa m'mbali chaka chisanathe. Muzisinthanitsa akutsogolo ndi akumbuyo pa makilomita 8,000 kapena 10,000 alionse, apo ayi mano amadyeka mbali imodzi ndipo phokoso limakula.

Mayi wa ku Likuni:
Asisi, za akalewo samalani. Ine ndinagula otere chaka chatha, mano okongola kwambiri, limodzi linang'ambika m'mbali ndili pa M1 ndi ana m'galimoto. Amene anandithandiza panjira ndi amene anandionetsa kuti m'mbali mwa tayala muli zilembo DOT, ndipo manambala anayi omalizira ndi sabata ndi chaka chimene linapangidwa. 2319 ndiye kuti sabata ya 23, chaka cha 2019. Langa linali la zaka 11. Mphira umakalamba ngakhale tayala lingokhala m'sitolo. Muuzeni alichotse pa rimu muone m'kati ngati muli zigamba, ndipo muyang'ane ming'alu ing'onoing'ono pakati pa mano.

Mnyamata wa ku Kanengo:
Pa esiteti imene ndinkagwira ntchito tinali ndi njinga yamoto ya matayala anayi ija, quad.  Imeneyo dambo siliona chifukwa ndi yopepuka. Ngati tsiku lina mudzapeza ndalama, ndi yabwino yozungulirira munda. Koma wodwala simungamunyamulirepo usiku, ndiye pa nkhani ya amayi anu Hilux yomweyo ikonzeni.

Wofunsa:
Ndabwerako kumene kwa wogulitsa uja. Ndinagwada n'kuwerenga monga mwandiphunzitsira asisi a ku Likuni. Awiri alembedwa 1416, limodzi 4015, lachinayi ndi la kampani ina ndipo m'kati muli chigamba chachikulu pafupi ndi nthiti. Ndawasiya, ngakhale mtengo unali wokoma ndipo anayesa kutsitsanso.

Ndatsimikiza zotenga M/T anayi atsopano a LT, saizi yomweyo. Ndigulitsa soya amene ndinasunga kuti ndikwanitse. Phokoso ndi dizilo ndipirira, ndipo pa tala wonyowa ndiziyenda pang'onopang'ono. Kapampu ndi geji ndigulanso, pamodzi ndi fosholo, chingwe chokokera ndi thabwa loika pansi pa jeki, zizikhala m'galimoto mpaka April. Achimwene a ku 47, Loweruka ndikufuna ndikayesere kuphwetsa ndi kupopa ndili pakhomo, ndisadzaphunzirire m'dambo mvula ili pamutu.

Funso limodzi latsala kwa inu bambo a ku Biwi. Ndalama ya tayala lachisanu ilibe panopa. Mwa akale angawa lilipo limodzi limene mano ake akadalipo pang'ono, saizi yomweyo 265/65 R17. Kodi lingakhale sipeya mpaka ndidzakolole, bola ndikaliika ndisagwiritse 4x4 mtunda wautali?